Ng'ona ya Sitandade 6 yakafika ku Scotland, koma makolo ena akuti ndi masewera

ChokoNdiBolodi
Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa Sitandade 6 kuno kufupi ndi Liwonde. Mu Epulo 2025 ndinapeza thandizo lopitira ku msonkhano wa IATEFL, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, womwe unachitikira ku Edinburgh. Kalasi yanga ili ndi chidole chake: ng'ona yosokedwa ndi zigamba za chitenje chobiriwira, m'kati muli thonje ndi nsanza, mano ake ndi timabatani toyera ta malaya akale. Ana anavotera dzina, linapambana ndi la Che Mano. Ndisananyamuke gulu lililonse linalemba mafunso m'Chingerezi oti Che Mano akawafunsire kumeneko. Ndinayenda nawo m'chikwama n'kumawajambula paliponse, ndipo nditabwera tinapanga buku la ulendo wawo. Ana akulilimbirana bukulo.

Vuto labuka pa msonkhano wa makolo. Bambo wina anati ndikutayitsa ana nthawi ndi zidole ngati ali ku sukulu ya mkaka. Mayi wina anafunsa kuti bwanji ng'ona, nanga m'mimba mwake muli chiyani. Ahedi akuti ndiyambe ndaisiya m'kabati mpaka mitima itsike. Alipo anayesapo zoterezi? Munathana nazo bwanji?

Sir_Masamu
Bambo ajawo musawapeputse. Pa PSLCE, mayeso omaliza a Sitandade 8, palibe funso la ng'ona ya chitenje. Silabasi mwafika nayo pati?

Nachisale_TDC
Tisanagamule, madam, tiuzeni mafunso omwe anawo analemba. Pamenepo m'pomwe tidziwire ngati anali maphunziro kapena kungoyenda ndi chidole.

ChokoNdiBolodi
Nawa ena mwa iwo. Gulu lina linafunsa kuti kumeneko nthawi imakhala yotani ife tikamalowa m'kalasi. Lina linafunsa kuti ana amakhala angati m'kalasi imodzi. Lina linati kodi amadya nsima. Koma funso lomwe linandisinthira ulendo linachokera kwa mtsikana wofatsa, wosayankha kawirikawiri: kodi n'zoona kuti kuli Blantyre wina?

Msonkhano utatha ndinakwera sitima kupita ku Glasgow, n'kukweranso ina ya mphindi pafupifupi 20, ndipo ndinatsika pa siteshoni yolembedwa Blantyre. Ndinaimika Che Mano pansi pa chikwangwanicho n'kujambula. Ndi katauni kakang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Nyumba yomwe David Livingstone anabadwiramo mu 1813 ilipobe, amaitcha Shuttle Row, pano ndi malo osungirako zinthu zakale. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, mabedi ake olowa m'khoma, ndipo iyeyo anayamba ganyu pa fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Nditawaonetsa ana chithunzi cha chipindacho m'kalasi munali zii. Kenako mnyamata wina anati, "Madam, ndiye kuti anali amphawi ngati ife?" Tinakambirana funso limeneli piriyodi yonse, ndipo mawa lake analemba chimangirizo chofananitsa Blantyre awiriwo. Ana omwe amandipatsa mizere iwiri anadzaza tsamba.

Nachisale_TDC
Ndiye kuti mwaphunzitsa kulemba mafunso, kufananitsa, mapu ndi mbiri. Zonsezi zili m'silabasi. Chomwe chikusowa n'kuzionetsa mu sikimu ndi mu lesoni pulani kuti ahedi ndi a PEA, alangizi a zamaphunziro a pa zoni, akatsegula aone mutu ndi zolinga zake. Zikangooneka pa pepala, mawu oti masewera amachepa okha.

Sir_Masamu
Za nthawizo munawayankha bwanji?

ChokoNdiBolodi
Ndinati ali kumbuyo kwathu ndi ola limodzi. Ife tikamalowa 7:30, kwawo ndi 6:30.

Sir_Masamu
Zoona mu Epulo, koma muwauzenso kuti kumapeto kwa Okutobala amabweza mawotchi awo, ndiye kusiyanako kumakhala maola awiri mpaka kumapeto kwa Malichi. Ife sitisintha. Pamenepo pali masamu abwino, ndivomereze. Koma masamu amenewo ndingaphunzitse ndi choko chokha, ng'ona ikugwira ntchito yanji?

MayiWaAwiri_Leeds
A Sir, ntchito yake ndi yoti mwana amalembera munthu, osati bolodi. Ine si mphunzitsi, ndine kholo, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England. Kuno sukulu zambiri za ana ang'ono zili ndi chidole cha kalasi, nthawi zambiri chimbalangondo. Lachisanu lililonse mwana mmodzi amapita nacho kunyumba pamodzi ndi kope, Lolemba amakawerenga pamaso pa anzake zomwe anachita nacho. Mwana wanga wamng'ono ankadana ndi kulemba, koma sabata yake itafika anandikakamiza kuti timuphikire nsima ndi nyemba chidolecho, anajambula mthiko ndi chipande, n'kulemba tsamba lonse kufotokoza kapotedwe ka mbamu.

Koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, madam. Kope lija limasanduka mpikisano wa makolo. Ukatsegula umapeza ena anapita nacho ku Spain, ena ku hotela, ndiye mwana yemwe makolo ake anali ku shifiti Loweruka ndi Lamlungu amachita manyazi. Mwana wanga wamkulu analira chaka chake chifukwa sitinapite kulikonse. Ngati Che Mano ayambira ku Scotland, samalani kuti ana asaganize kuti ulendo wa kudimba kapena kuchigayo si ulendo.

ChokoNdiBolodi
Mayi, mwandigwira mtima. Ndiganizirapo kwambiri zimenezi.

WakuNsanje77
Nonse mukudumpha funso la mayi aja, pomwe ndi lomwe lili lolemera. Inu a kumtunda ng'ona mumaiona pa chithunzi. Ife a m'mbali mwa Shire tinaika maliro a abale ogwidwa akuchapa kapena akuwedza, ena mtembo osapezeka. Ndipo mukudziwa zomwe anthu amakamba, zoti ng'ona zina n'zoweta, zimachita kutumidwa. Kaya mumakhulupirira kaya ayi, kholo likamva kuti mphunzitsi ali ndi ng'ona yosoka, yadzina, yoti anakwera nayo ndege n'kubwera nayo, mtima sungakhale m'malo. Ku Liwonde ndi m'mbali mwa Shire momwemo. Mayi ajawo sanafunse mwachipongwe.

Chitani chonchi. Itanani amayi a mother group ndi a komiti ya sukulu. Tengani lezala, sosolani msoko wa pamimba iwo akuona, tulutsani thonje lonse muike pa tebulo. Kenako apatseni singano ndi ulusi asokenso okha. Chinthu chomwe munthu wasoka ndi manja ake sachiopa, ndipo ndi iwo adzakayankhe anzawo kuchitsime.

Nachisale_TDC
Awa ndiwo malangizo. Ine sindikanaganiza zimenezo.

MbusaWachinyamata
Ndikugwirizana ndi a ku Nsanje. Mukaisiya m'kabati mwakachetechete, anthu anena kuti mwabisa chifukwa munali kanthu.

AchimweneKuJoni
Zidolezo zili apo, madam tiuzeni za alawansi. Munabwera ndi mapaundi angati? Ndipo viza munaipeza bwanji, anthu akukanidwa tsiku ndi tsiku?

ChokoNdiBolodi
Achimwene, thandizolo linali la tikiti, malo ogona ndi ndalama yolowera pa msonkhano. Ya m'thumba inali yochepa, inathera sitima ndi chakudya. Za viza, chomwe chinandithandiza ndi makalata: yoitanidwa, ya ondilipirira, ndi ya kuntchito yosonyeza kuti ndibwerera. Ndinayamba msanga kwambiri.

Mphunzitsi_Wakumudzi
Inu muli ndi mwayi. Ambirife misonkhano timangoimva ikatha. Kalata ikafika ku ofesi amadzisankha okhaokha a ku ofesi, anthu oti choko anasiya kugwira kalekale, n'kubwera kudzatiphunzitsa kaphunzitsidwe. Ife ndi CPD, maphunziro osulira aphunzitsi, ya pa TDC, likulu la aphunzitsi la pa zoni, basi, ya botolo la Fanta ndi bani.

Nachisale_TDC
Kudandaulako n'komveka, koma mwayi wa mabungwe ngati umenewu sudutsa ku ofesi. Umalembera wekha pa intaneti, umafotokoza zomwe ukuchita m'kalasi mwako. Chimatigwetsa ambiri ndi bandulo ndi kuopa kulemba. Ndipo CPD ya pa zoni musainyoze, ndi komwe madamwa akuyenera kukatula zomwe atenga.

MdzukuluWaNgwazi
Mwafika ku Edinburgh osatchula Kamuzu? Ngwazi inaphunzira udokotala kumeneko, inamaliza mu 1941, ndipo inali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Nthawi yake mwana wa Sitandade 6 ankalemba kalata ya Chingerezi popanda chidole.

Mphunzitsi_Wakumudzi
Nthawi yake ana ankalipira fizi ndipo ambiri ankakhala kunyumba. Pulayimale yaulere inabwera mu 1994, ana anakhamukira kusukulu, makalasi ndi aphunzitsi osakwanira. Musafananitse kalasi ya ana osankhika ndi yathuyi.

MdzukuluWaNgwazi
Ndiye mwavomera kuti maphunziro anatsika.

Mphunzitsi_Wakumudzi
Ndavomera kuti mwana wa mlimi analowa m'kalasi.

Admin_Gulu
Akuluakulu, za ndale zili ndi malo ake. Tibwerere kwa Che Mano.

GogoPenshoni
Ana anga, ndaphunzitsa mpaka kupuma, ndiloleni ndiyankhule motalikirapo.

Choyamba, chidolechi si chachilendo. Ku koleji timaphunzitsidwa TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pathu. Tinkaumba ng'ombe zadothi, tinkasoka zidole za masokosi zoyankhulitsa pa phunziro la Chingerezi, chifukwa mwana wamanyazi amayankha chidole pomwe mphunzitsi amamuopa. Chomwe madamwa awonjezera n'choti chidolecho chayenda. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndiye nyama yomwe anasankha anawo ikugwirizana ndi nkhaniyi, ngakhale mawu a ku Nsanje ndawamva ndipo ndi oona.

Chachiwiri ndi chomwe chikundidetsa nkhawa. Mukaphunzitsa za Livingstone musathere pa iye yekha. Mabuku athu akale ankati anatulukira nyanja ya Malawi mu 1859, ngati kuti m'mbali mwake munalibe anthu omwe ankawedzamo ndi kumulondolera njira. Auzeni ana za Chuma, mnyamata wa Chiyao yemwe anamasulidwa kwa ogula akapolo mu 1861 kuno kwathu, ndi za Susi. Livingstone atamwalira mu 1873, anthu awiriwa ndi anzawo ananyamula thupi lake miyezi yambiri wapansi mpaka kunyanja yamchere ku Bagamoyo. Popanda iwo manda a ku Westminster Abbey sakanakhalapo. Ana anu ambiri ndi a Chiyao, madam. Adziwe kuti m'nkhani imeneyi muli wa kwawo. Ndipo Blantyre wathuyu anatchedwa dzinalo ndi amishoni a ku Scotland omwe anafika mu 1876, koma malowo anali a anthu kale, a Kapeni analipo.

ChokoNdiBolodi
Agogo, zikomo. Ku nyumba ya Livingstone kuja anakonzanso zoonetsa zawo n'kutsegulanso mu 2021, ndipo Susi ndi Chuma akutchulidwa. Mutu wotsatira m'buku lathu ukhala umenewo.

WakuChipata
Musaiwale kuti mtima wake uli kwathu kuno ku Zambia. Anamwalirira kwa Chitambo, ndipo mtima anaukwirira pansi pa mtengo komweko. Che Mano akafuna kumaliza nkhaniyi adutse pa Mwami, tiwalandira. Ine ndimaphunzitsa Grade 6, ana anga amayankhula Chinyanja chomwechi.

AchimweneKuJoni
Ng'ona yapita ku Ulaya ife tikuvutika ndi mapepala kuno. Nanga anaona chiyani china?

ChokoNdiBolodi
Ku Edinburgh Castle amaomba mzinga 1 koloko masana tsiku lililonse kupatula Lamlungu ndi masiku ena ochepa a tchuthi. Anayamba mu 1861 kuti oyendetsa sitima zapamadzi azikonzera mawotchi awo. Ndinajambula kavidiyo, ana amafuna ndiziwabwerezera. Ku National Museum of Scotland kulowa n'kwaulere, ndipo kuli Dolly, nkhosa ija inabadwa mu 1996 kuchokera ku selo la nkhosa ina yaikulu, popanda yamphongo. Anaiumika, ili m'galasi. Pamenepa mafunso anachuluka mpaka ndinaitana mnzanga wa sayansi. Chomwe anakana kukhulupirira ndi dzuwa: ndinajambula Che Mano pawindo nthawi ikuyandikira 8 koloko usiku kunja kukuwalabe, anati ndasintha wotchi.

MayiWaAwiri_Leeds
Akanabwera mu Juni akanaona 10 koloko kuli mbee. Ndipo bambo aja akuti zidole n'za ana, muwauze kuti ku Edinburgh Zoo kuli mbalame ya penguin yotchedwa Nils Olav yomwe ndi chizindikiro cha asilikali olondera mfumu ya Norway. Ili ndi udindo wa usilikali, asilikaliwo akabwera amafola pamaso pake.

Sir_Masamu
Zonsezi n'zokaona malo. Ndalama zinaperekedwa chifukwa cha msonkhano. Mwabwerako ndi chiyani choti ine ndigwiritse ntchito Lolemba?

ChokoNdiBolodi
Funso labwino, a Sir. Zokambirana zambiri zinali za kompyuta ndi AI, zoti kwathu kopanda magetsi sizitikhudza msanga. Zomwe zinandithandiza ndi za aphunzitsi a makalasi akuluakulu, a maiko a mu Africa muno ndi ku Asia. Ndatengako zitatu ndipo ndayamba kale.

China, kusiya kuchonga makope onse tsiku lililonse. Ana anga ndi oposa 90. Pano amayamba kusinthana makope awiriawiri n'kufufuza chinthu chimodzi chokha chomwe ndalemba pa bolodi, mwachitsanzo aneni a nthawi yakale, ndipo ine ndimatenga makope a gulu limodzi patsiku n'kuwawerenga mofatsa. China, kumata ndime zifupizifupi pakhoma panja: mmodzi amathamanga kukawerenga, n'kubwera kudzauza mnzake yemwe akulemba. Buku limodzi limakwanira kalasi yonse, ndipo aliyense amawerenga, kuyankhula, kumva ndi kulemba. Ndime zake ndi za ulendo wa Che Mano. Chachitatu, kulola ana kuyamba kukambirana m'Chichewa kapena m'Chiyao asanalembe m'Chingerezi, m'malo mowalipitsa chibalo akayankhula chinenero chawo. Maganizo amabwera kaye, Chingerezi chimatsatira.

Za funso lija la kuchuluka kwa ana m'kalasi, mphunzitsi wina wa komweko anandiuza kuti malire awo ndi ana 25 mu P1, yomwe ndi Sitandade 1 yawo, ndi 33 m'makalasi apamwamba a pulayimale. Nditamuuza nambala yanga anandifunsa kawiri.

Sir_Masamu
Yothamangayo ndiyesa ndi masamu a mawu. Ya Chichewayo sindikugwirizana nayo, mayeso a MANEB amabwera m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Mukawazoloweza adzavutika.

GogoPenshoni
Mwana wanga, amavutika kale. Mwana woloweza chiganizo osachimva amagwa funso likangotembenuzidwa pang'ono.

Sir_Masamu
Agogo, tidzaona zotsatira zikadzatuluka.

Mphunzitsi_Wakumudzi
Boma limanena za ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Ine ndili ndi oposa 100 pansi pa mtengo wa mango. Ndimata ndimezo pa thunthu?

Nachisale_TDC
Pa thunthu pomwepo, ndi misomali iwiri ndi katoni. Ndinaziona zikuchitika.

PEA_Wopuma
Ndiwonjezere chimodzi chomwe palibe wachitchula. Ambirinu mumaika nkhope za ana pa Facebook popanda chilolezo cha makolo, nthawi zina ndi dzina la sukulu pa yunifolomu. Chidole chimathetsa vutoli. Jambulani Che Mano ali pa kope la mwana, dzina litabisika, nkhani yafika ndipo mwana watetezeka. Mukakumana ndi makolo muwauze mfundo imeneyi, ambiri adzaikonda.

Komanso fufuzani za maubale a sukulu. Malawi ndi Scotland anasainirana mgwirizano mu 2005, nthawi ya Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, ndipo Scotland Malawi Partnership ndi anzawo a Malawi Scotland Partnership ku Lilongwe amalumikiza sukulu. Koma mukalowa ubale wotere, ukhale wosinthana makalata ndi maphunziro. Ndinaona maubale ena akufa chifukwa kalata yoyamba yochokera kuno inali mndandanda wa zopempha.

WakuNsanje77
Phala la Mary's Meals lomwe ana akumwa m'sukulu zambiri likulu lake lilinso ku Scotland komweko, linayambira kuno mu 2002. Anawo akudziwa?

ChokoNdiBolodi
Akudziwa tsopano, analoza okha pa mapu.

ChokoNdiBolodi
Ndabweranso kudzakuuzani momwe zayendera. Ndinachita monga ananenera a ku Nsanje. Amayi a mother group anabwera, a komiti, ahedi, ndi mayi anafunsa aja. Ndinasosola msoko, thonje lonse pa tebulo. Mayi aja analigwiragwira, kenako anati thonjelo n'lochepa n'chifukwa chake mchira ukugwa, anatuma mwana kukatenga nsanza kwawo. Asoka okha, ndipo msoko wawo ndi wolimba kuposa wanga. Anandiuzanso kuti mlongo wawo anagwidwa ndi ng'ona ali mnyamata. Tagwirizana kuti ulendo wotsatira wa Che Mano ukhale wa kumtsinje, ana akafunse asodzi ndi akuluakulu malo oopsa ndi nthawi zoyenera kupewa, alembe malangizo m'Chichewa ndi m'Chingerezi, timate pasukulu.

Bambo aja sanabwere. Ndawatumizira kope la mwana wawo kuti aone okha.

MayiWaAwiri_Leeds
Nanga zopita nawo kunyumba?

ChokoNdiBolodi
Ana ndi ochuluka, mmodzimmodzi chaka chingathe ena osafikiridwa. Azipita ndi gulu la ana a mudzi umodzi, Lachisanu mpaka Lolemba, ndipo lamulo ndi loti ulendo ukhale wapansi: kumsika, kuchigayo, kwa osula makasu, kwa agogo odziwa nthano.

WakuChipata
Ndiye kwathu abwera liti? Ana anga ayamba kale kulemba mafunso. Akufuna kudziwa ngati n'zoona kuti njovu za ku Liwonde zinasamutsidwa pa malole.

ChokoNdiBolodi
N'zoona, zina zinapita ku Nkhotakota, zina ku Kasungu mu 2022, kufupi ndi malire anu. Koma ayankhe ndi ana anga, osati ine. Che Mano okha sindiwatumiza pa basi, ndikuopa angasowe. Tiyambe ndi makalata, muwajambule mutumize ku inbox, ine ndiwasindikiza ku TDC.

Sir_Masamu
Muwaikiremo funso la kusintha kwacha ya Malawi kupita ku kwacha ya Zambia. Mtengo wake atenge wa tsiku lomwelo, ndipo aonetse njira yonse, osati yankho lokha.